Jakisoni wa mapapo a mwana wosabadwa: zimene a Graham Liggins anaphunzira kwa nkhosa

Mayi wa pakati pa miyezi 7 akafika kuchipatala nsupa itasweka, kapena matenda atamuyamba masiku asanakwane, nthawi zambiri azamba amathamangira kumubaya jakisoni amene amati ndi "wa mapapo a mwana". Omudikirira amangoyang'anana. Mwana ali m'mimba, sanayambe n'kupuma komwe, wobayidwa ndi mayi. Nanga mapapowo mankhwala awapeza bwanji? Ena amaganiza kuti jakisoniyo ndi woletsa matenda kuti mimba ipitirire, ndiye mayi akachira mawa lake amati mankhwala sanagwire. Ena akamva kuti ndi mankhwala a m'gulu la steroid amadzidzimuka, chifukwa dzinali analimvera pa nkhani za ochita masewera amene amachotsedwa m'mipikisano atapezeka ndi mankhwala okuza minofu.

Onsewa aphonya. Jakisoniyu saletsa kubereka ndipo sakuza minofu. Amangofulumizitsa ntchito imene thupi la mwana likanaigwira lokha akanakhalabe m'mimba milungu ingapo. Amene anazindikira zimenezi ndi dokotala wa amayi oyembekezera wa ku New Zealand, a Graham Liggins, omwe anzawo ankangowatchula kuti Mont. Anazizindikira akufufuza nkhani ina, ndipo anali pakati pa nkhosa.

Chimene chimavuta mwana akabadwa msanga

Mimba ya munthu imatenga milungu pafupifupi 40. Mwana wobadwa milungu 37 isanakwane ndi amene achipatala amati wabadwa masiku asanakwane. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 ana otere anabadwa 13.4 miliyoni, kutanthauza mwana mmodzi pa ana 10 alionse, ndipo mavuto odza chifukwa chobadwa msanga anapha ana pafupifupi 900,000 mu 2019. Mwa zonse zimene zimapha ana osakwana zaka 5, ichi ndiye chili patsogolo.

Ali m'mimba mwana sagwiritsa ntchito mapapo. Amakhala odzaza madzi, ndipo mpweya wa okosijeni umamufika kuchokera m'magazi a mayi kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Akangotuluka, mapapo amene sanapumepo chiyambire ayenera kugwira ntchito nthawi yomweyo. M'kati mwake muli timatumba ta mpweya tosawerengeka, tating'ono kwambiri, tonyowa. Amene anayesapo kutsegula jumbo yonyowa akudziwa: mbali ziwiri zija zimamatirirana, madzi ndiwo amazikoka. Timatumba ta m'mapapo timafunanso kumatirirana chimodzimodzi munthu akatulutsa mpweya. Chimene chimatiletsa ndi timadzi toterera ngati sopo, ta mafuta osakanikirana ndi mapuloteni, timene maselo ena a m'mapapo momwemo amapanga. Timadziti amatitcha surfactant.

Mwana amayamba kupanga surfactant mimba ili cha m'ma milungu 24, koma pang'ono chabe, ndipo amakwanira cha m'ma milungu 34 kapena 35. Akabadwa nthawiyi isanafike, timatumba take timafota nthawi iliyonse akatulutsa mpweya. Pouzira chibaluni chatsopano, mpweya woyamba ndi umene umapweteka masaya. Chikangoyamba kufufuma, wotsatira umalowa mosavuta. Mwana wopanda surfactant ali ngati munthu amene akuyamba chibaluni chatsopano ka 60 kapena kuposa pa mphindi iliyonse. Amapuma mothamanga, chifuwa chikulowa m'kati, akubuula chapansipansi, mpaka mphamvu zimamuthera. Madokotala amatcha vutoli respiratory distress syndrome, mwachidule RDS.

A Mary Ellen Avery ndi a Jere Mead a pa yunivesite ya Harvard ku America ndiwo anaonetsa mu 1959 kuti gwero la vutoli ndi kuchepa kwa surfactant. Koma gwero litadziwika mankhwala sanapezeke msanga. Mu Ogasiti 1963 mwana wa pulezidenti wa dziko la America, John F. Kennedy, anabadwa kutatsala milungu 5 ndi theka, ndipo anamwalira ndi vuto lomweli asanathe masiku awiri, ali m'manja mwa madokotala a ku Boston amene anali ndi zipangizo zonse za nthawi imeneyo.

Pali chikhulupiriro chakale, chomveka m'mayiko ambiri ndipo ngakhale asing'anga a ku Girisi wakale anachilemba, chakuti mwana wa miyezi 7 amapulumuka kuposa wa miyezi 8. Mapapo akukana zimenezo. Mlungu uliwonse umene mwana wawonjezera m'mimba ndi surfactant wowonjezereka.

Ndani amaliza belu loti nthawi yakwana?

A Liggins anabadwa mu 1926 m'tauni ya Thames, anaphunzira udokotala pa yunivesite ya Otago, n'kukapitiriza maphunziro a za uchembere ku Britain. Atabwerera kwawo anagwira ntchito pa National Women's Hospital mumzinda wa Auckland. Chipatalachi chinali ndi anthu osaopa kuyesa zatsopano: mnzawo a William Liley ndiwo anali oyamba kuika magazi mwana ali m'mimba n'kumupulumutsa, mu 1963, pomwepo. Maganizo akuti mwana wosabadwa nayenso ndi wodwala amene angathandizidwe anali atayamba kumera mizu.

Funso limene linkawasowetsa tulo a Liggins silinali la mapapo. Ankafuna kuletsa kubereka msanga, ndipo anaona kuti sungaletse chinthu usakudziwa chimene chimachiyambitsa. Kodi ndi thupi la mayi limene limanena kuti nthawi yakwana, kapena ndi mwana? Zizindikiro zina zinkaloza kwa mwana. Azamba ankadziwa kale kuti mimba ya mwana amene ubongo wake sunapangike bwino nthawi zina imapitirira masiku ake. Ku Idaho, ku America, alimi a nkhosa anali ndi vuto lodabwitsa: nkhosa zimene zadya chomera chotchedwa Veratrum californicum zitangotenga bere zinkakhala ndi ana a diso limodzi, ndipo bere lake linkangopitirira osaswa. Ana amenewa anali ndi chilema pa kachiwalo kotchedwa pituitary, kakang'ono ngati nsonga ya chala chaching'ono, kamene kali kunsi kwa ubongo ndipo kamalamulira ziwalo zina potumiza mahomoni. Homoni ndi uthenga wa m'thupi umene chiwalo china chimathira m'magazi kuti chiwalo china chichitepo kanthu.

Kuti atsimikize, a Liggins anaphunzira luso lovuta zedi: kutsegula chiberekero cha nkhosa ya bere, kuwononga pituitary ya mwanawankhosa, kumubwezera, kusoka, bere n'kupitirira. Mbali ina ya ntchitoyi anaichitira pa yunivesite ya California ku Davis pamodzi ndi madokotala a ziweto, ndipo zotsatira anazifalitsa mu 1967. Nkhosa imaswa pakatha masiku pafupifupi 147. Zimene ana ake anawonongedwa pituitary sizinaswe. Masiku anakwana, anapitirira, zili phee. Kenaka anayesa mbali inayo. Pituitary imatumiza uthenga ku tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso, totchedwa adrenal, ndipo timeneti timatulutsa homoni yotchedwa cortisol. Atathira cortisol, kapena mankhwala ofanana nayo, mwa mwanawankhosa ali m'mimba, nkhosa inkaswa patangopita masiku ochepa ngakhale bere lili lanthete.

Kwa nkhosa yankho linapezeka. Mwana ndiye amaliza belu. Masiku akayandikira, cortisol wake amakwera, amasintha mahomoni amene nsengwa ikupanga, homoni yogoneka chiberekero imatsika, yochidzutsa imakwera, kuswa n'kuyamba.

Mwanawankhosa amene sanayenere kupuma

Ana a nkhosa obadwa msanga chonchi ankayembekezeka kufa. Pa msinkhu umenewo mapapo awo amakhala olimba ngati chiwindi, osalola mpweya. Koma a Liggins anapeza ena mwa ana amene anathiridwa mankhwala aja ali moyo, akupuma, ndipo atawaunika mapapo anapeza kuti mpweya unalowamo ndithu. Mu lipoti lawo la 1969 analemba za ana a nkhosa obadwa pakati pa masiku 117 ndi 123, kutatsala pafupifupi mwezi wathunthu, amene mapapo awo anali atafufuma mbali ina, ndipo anaganiza kuti mankhwalawo afulumizitsa kupangidwa kwa surfactant. Gulu la a Avery linayesa zomwezo pa ana a nkhosa amapasa, wina kumupatsa wina ayi, ndipo linatsimikiza.

Apa ndi pamene pagona luso la munthuyu. Mwanawankhosa wopuma uja sanali chimene ankafuna. Kwa wofufuza wina akanakhala chodabwitsa chongolemba pambali n'kupitiriza ulendo. A Liggins anaona kuti nkhani ziwirizi ndi imodzi. Cortisol amene amaliza belu ndi yemweyo amene amakonzekeretsa mwana kukakhala kunja: amakhwimitsa mapapo, matumbo, chiwindi. Chilengedwe chinamanga zinthu ziwirizi pa chingwe chimodzi kuti mwana asatuluke asanakonzeke. Wobadwa msanga ndi amene watuluka uthenga wokonzekera usanamufike. Ndiye bwanji osamutumizira uthengawo mwadala, ikaoneka kuti akubwera?

Kuchoka m'khola kupita m'chipinda cha amayi

Anagwirizana ndi dokotala wa makanda pa chipatala chomwecho, a Ross Howie, amene tsiku ndi tsiku ankaona ana akumwalira ndi RDS. Mu Disembala 1969 anayamba kafukufuku pa amayi amene ankaoneka kuti abereka milungu 37 isanakwane. Mmene anachitira ndi mofunika kumvetsa, chifukwa ndi mmene mankhwala amayesedwera mpaka lero. Amayi anagawidwa m'magulu awiri mwamaere. Gulu lina linabayidwa betamethasone, mankhwala opangidwa motsanzira cortisol. Linalo linabayidwa jakisoni wooneka chimodzimodzi koma wamphamvu yochepa kwambiri. Mayi sankadziwa gulu lake, dokotala womusamalira sankadziwanso. Maere amathandiza kuti magulu afanane pa china chilichonse, kuti kusiyana kukaoneka tidziwe kuti kwabwera ndi mankhwala. Kubisako kumateteza dokotala ku mtima wake womwe, poti munthu amaona zimene akufuna kuona.

Zotsatira za amayi 282 oyamba zinatuluka mu 1972 m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics. Mwa amayi amene matenda anawayamba okha, ana 9 pa 100 alionse a gulu la betamethasone anadwala RDS, pamene gulu linalo anali pafupifupi 26 pa 100. Omwalira m'masiku oyambirira anali 3 pa 100 kuyerekeza ndi 15 pa 100. Phindu linaonekera kwambiri mwa ana obadwa milungu 32 isanakwane, makamaka ngati panadutsa maola 24 kuchokera pa jakisoni woyamba. Kafukufukuyu anapitirira mpaka 1974 ndipo anafika pa amayi 1,142.

Sanabise zimene zinawadetsa nkhawa. Mwa amayi odwala matenda othamanga magazi a pa mimba, ana omwalirira m'mimba anaoneka ochulukirapo m'gulu la mankhwala, ndipo anachenjeza. Kafukufuku wa pambuyo pake sanapeze vuto limeneli, koma chenjezolo linakhala m'mitu ya madokotala zaka zambiri.

Mmene jakisoniyu amagwirira ntchito

Mawu akuti steroid ndi dzina la banja lalikulu la mankhwala ndi mahomoni. Okuza minofu aja ndi abale a homoni yachimuna ya testosterone. A mapapowa ndi abale a cortisol, gulu lotchedwa corticosteroid, lomwe muli mankhwala ochepetsa kutupa ndi a mphumu. Mfunda ndi umodzi koma ntchito n'zosiyana.

Ngakhale m'gulu la corticosteroid si onse angathandize. Nsengwa ili ngati mlonda wa pachipata: imafooketsa cortisol wambiri wa mayi asanafike kwa mwana, ndipo imachita chimodzimodzi ndi mankhwala ena monga prednisolone. Betamethasone ndi dexamethasone amadutsa mlondayu ali ndi mphamvu zawo. N'chifukwa chake awiriwa ndiwo amagwiritsidwa ntchito. Mlingo wonse ndi mamiligalamu 24, obayidwa mu mnofu: betamethasone amaperekedwa kawiri, 12 lero 12 pakatha maola 24, dexamethasone kawirikawiri amaperekedwa kanayi, 6 pa maola 12 alionse. Dexamethasone ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka m'zipatala zambiri chifukwa ali ndi ntchito zinanso.

Akafika kwa mwana, mankhwalawa amalowa m'maselo n'kuwauza kuti ayambe kupanga zimene akanapanga mtsogolo. Surfactant amachuluka, makoma a timatumba ta mpweya amapyapyala kuti okosijeni azidutsa mosavuta, ndipo mapapo amaphunzira kuchotsa madzi aja msanga. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo, imene mwa ana anthete imaphulika mosavuta, imatetezekanso, ndipo matumbo amakhwima. Kuwunika kwa 2020 kwa bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa umboni wa zaumoyo, kophatikiza kafukufuku 27 wa amayi oposa 11,000, kunapeza kuti imfa za makanda zimatsika ndi pafupifupi 22 pa 100, ndipo RDS imatsika ndi pafupifupi 29 pa 100.

Popeza maselo amafunika nthawi kuti amve uthenga ndi kuyamba ntchito, nthawi ndiye mwini nkhani. Phindu lalikulu limakhalapo mwana akabadwa patadutsa tsiku limodzi kapena awiri kuchokera pa jakisoni woyamba, koma masiku 7 asanathe. Ndiye chifukwa chake azamba amathamanga nawo, ndipo amabaya ngakhale zikuoneka kuti mlingo wonse sutha, poti ngakhale maola ochepa amathandizako. Nthawi zina dokotala amaperekanso mankhwala ena ogoneka chiberekero, monga nifedipine, kwa masiku awiri okha. Amenewo ndiwo ochedwetsa kubereka, ndipo cholinga chawo ndi kupezera jakisoni wa mapapo mpata woti agwire. Apa ndi pamene anthu amasokonezera ziwirizi.

Zaka 20 umboni uli m'kabati

Munthu angaganize kuti zotsatira za 1972 zinasintha zinthu nthawi yomweyo. Ku New Zealand ndi ku Australia madokotala ambiri anayambadi kugwiritsa ntchito. Kwina ayi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku America amayi osakwana 20 pa 100 mwa obereka ana ochepa thupi kwambiri ndiwo ankalandira jakisoniyu.

Zifukwa zake sizinali zopusa zonse. Madokotala anali asanaiwale thalidomide, mankhwala amene amayi oyembekezera ankamwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndipo ana masauzande anabadwa opanda manja kapena miyendo yokwanira. Mu 1971 kunadziwikanso kuti mankhwala otchedwa DES, amene ankaperekedwa poteteza kupita padera, ankayambitsa khansa mwa ana aakazi atakula. Kupereka homoni kwa mayi wapakati kunali koopsa m'maso mwa aliyense wokumbukira zimenezi. Kafukufuku wina amene anatsatira anali wa anthu ochepa, ndipo payekhapayekha sankapereka yankho lomveka. Panalinso vuto la magawo a ntchito: wobaya jakisoni ndi dokotala wa amayi, woona phindu lake ndi dokotala wa ana, ndipo awiriwa amawerenga magazini osiyana.

Amene anamasula mfundoyi ndi dokotala wa ku Ireland, a Patricia Crowley. Anasonkhanitsa kafukufuku yense wochitidwa mwamaere pa nkhaniyi n'kuphatikiza ziwerengero zake, ndipo mu 1990, pamodzi ndi a Iain Chalmers ndi a Marc Keirse, anafalitsa zotsatira za kafukufuku 12. Mboni imodzi ingakayikitse, koma 12 zikaloza kumodzi mlandu watha. Mu 1994 bungwe la National Institutes of Health la ku America linaitanitsa akatswiri, ndipo anagwirizana kuti amayi amene akuoneka kuti abereka pakati pa milungu 24 ndi 34 azilandira jakisoniyu. Kuyambira pamenepo kagwiritsidwe ntchito kanakwera mofulumira.

Nkhaniyi inasanduka phunziro mpaka kulowa m'chizindikiro cha bungwe la Cochrane, limene linakhazikitsidwa mu 1993 kuti lizisonkhanitsa umboni wa zaumoyo. Pakati pa chizindikirocho pali timizere 7 topingasa ndi kadayamondi kunsi. Kamzere kalikonse ndi kafukufuku mmodzi wa jakisoni wa mapapo, wa a Liggins ndi a Howie ali pomwepo, ndipo kadayamondi ndi zotsatira za onse ataphatikizidwa. Anachisankha pofuna kukumbutsa kuti ana ambiri anamwalira yankho lilipo kale, lili mbalambanda m'mapepala amene panalibe wowasonkhanitsa.

Pamene mankhwala abwino anapweteka

Umboni wonsewu unachokera m'zipatala zikuluzikulu za mayiko olemera. Koma ana ambiri obadwa msanga amabadwira kum'mwera kwa Asia ndi mu Africa kum'mwera kwa Sahara. Zinkaoneka zachidziwikire kuti mankhwala otsika mtengo chonchi akangofalitsidwa mpaka m'zipatala zing'onozing'ono apulumutsa ana ochuluka.

Kafukufuku wotchedwa ACT, wotsogoleredwa ndi a Fernando Althabe a ku Argentina, anayesa zimenezo m'madera a ku Argentina, Guatemala, India, Kenya, Pakistan ndi Zambia, pa amayi pafupifupi 100,000. Ogwira ntchito zaumoyo a magawo onse anaphunzitsidwa kuzindikira mayi amene angabereke msanga ndi kumubaya dexamethasone. Zotsatira zitatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2015, anthu anagwira pakamwa. Ana ochepa thupi kwambiri, amene ankayembekezeka kupindula, imfa zawo sizinatsike. Ndipo powerenga ana onse, m'madera amene mankhwala anafalitsidwa munamwalira makanda 27 pa 1,000 alionse kuyerekeza ndi 24 m'madera enawo. Amayi oganiziridwa kuti alowedwa tizilombo anachulukanso.

Chinalakwika n'chiyani? Chimodzi chimene chinaonekera poyera ndi chakuti jakisoni ankapita kwa anthu olakwika. Popanda sikani, msinkhu wa mimba umangoyerekezedwa potengera tsiku limene mayi akukumbukira kuti anasamba komaliza, kapena poyeza mimba ndi tepi. Mwa amayi onse amene anabayidwa, 16 okha pa 100 ndiwo anabereka ana ochepa thupi aja. Ambiri anabereka ana okhwima kale, amene analandira kuopsa kwa mankhwala popanda phindu lake. Corticosteroid amafooketsa chitetezo cha thupi ndipo amasokoneza shuga m'magazi. Komanso mwana wanthete amene mapapo ake athandizidwa amafunabe kufunditsidwa, kudyetsedwa, okosijeni ndi mankhwala opha tizilombo. Zimenezi zikasowa, jakisoni yekha samufikitsa patali.

Funso linatsala lakuti: kodi vuto ndi mankhwala kapena kaperekedwe? WHO inachititsa kafukufuku wina, ACTION-I, m'zipatala 29 za ku Bangladesh, India, Kenya, Nigeria ndi Pakistan, pa amayi 2,852 a mimba za pakati pa milungu 26 ndi 34. Ulendo uno msinkhu wa mimba unkatsimikizidwa ndi sikani, mayi ankasankhidwa pokhapokha zikuoneka kuti abereka posachedwa, ndipo zipatala zinali ndi chisamaliro cha makanda. Zotsatira za 2020 zinaonetsa kuti makanda omwalira anali 19.6 pa 100 m'gulu la dexamethasone ndi 23.5 pa 100 m'gulu linalo, ndiye kuti mwana mmodzi wopulumuka pa amayi pafupifupi 25 obayidwa, ndipo matenda a tizilombo mwa amayi sanachuluke. Kafukufukuyu anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa phindu linali litaonekeratu.

Malangizo a WHO a 2022 amamanga zonsezi pamodzi. Jakisoni aperekedwe pakati pa milungu 24 ndi 34, ngati msinkhu wa mimba ukudziwika bwino, ngati zikuoneka kuti mayi abereka m'masiku 7, ngati alibe zizindikiro za tizilombo m'thupi, ndiponso ngati pamalopo pali chisamaliro chokwanira cha mayi pobereka ndi cha khanda likabadwa, kuphatikizapo kulithandiza kupuma, njira ya kangaru (yofunditsa khanda pachifuwa cha mayi) ndi makina a mpweya otchedwa CPAP. Ndiye mzamba wa pachipatala chaching'ono akasankha kutumiza mayi kuchipatala chachikulu, kapena dokotala akakana kubaya mayi amene thupi latentha, si nkhanza kapena kuumira mankhwala.

Zimene akatswiri akukambiranabe

Pa mimba za milungu 34 mpaka 36 akatswiri sanamange chimodzi. Kafukufuku wa ku America wa 2016, wotsogoleredwa ndi a Cynthia Gyamfi-Bannerman, anapeza kuti betamethasone amachepetsako vuto la kupuma mwa ana amenewa, koma ana otsika shuga m'magazi anakwera kuchoka pa 15 kufika pa 24 pa 100. Ena amati phindulo ndi lokwanira bola shuga aziyezedwa. Ena amati ana a msinkhu umenewu ambiri amachira okha, ndiye palibe chifukwa chowapatsira homoni yamphamvu ubongo ukukula. Mayiko amasiyana malangizo pa mfundo imeneyi.

Kubwereza jakisoni nakonso kuli ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1990 madokotala ena ankabaya mlungu ndi mlungu mayi akapanda kuchira, mpaka zinaoneka kuti ana olandira maulendo ambiri ankabadwa ochepako thupi. Lero WHO imalola kubwereza kamodzi kokha, pakadutsa masiku 7 ndipo chiopsezo chikadalipo. Palinso nkhawa ya ana amene analandira mankhwala koma n'kudzabadwa pa nthawi yake, poti kulosera tsiku lobereka n'kovuta ngakhale m'zipatala zapamwamba.

Pa funso loti mankhwalawa amasiya chiyani m'thupi munthu akakula, yankho labwino likuchokera ku Auckland komweko. Ana a kafukufuku woyamba uja akhala akutsatiridwa moyo wawo wonse. Atafika zaka 30, gulu la a Jane Harding ndi a Stuart Dalziel linayeza anthu 534 mwa iwo, ndipo mu 2005 linafalitsa kuti panalibe kusiyana pa kukula kwa thupi, kuthamanga kwa magazi kapena mafuta a m'magazi. Panangooneka kachizindikiro kakang'ono pa mmene thupi limamvera insulin, homoni yolamulira shuga m'magazi. Atawafufuzanso ali ndi zaka za m'ma 50, matenda a mtima ndi a shuga sanasiyane pakati pa magulu awiri aja. Ntchito imeneyi imachitikira pa Liggins Institute, imene yunivesite ya Auckland inatsegula mu 2001.

A Liggins eniake sanasiye nyama. Anapita mpaka ku Antarctica kukafufuza nyama za m'nyanja zotchedwa Weddell seal, kuti aone mmene mwana wa m'mimba amapirira mayi wake akamira nthawi yaitali osapuma. Anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, bungwe la asayansi la ku London, mu 1980, analandira ulemu wa Sir mu 1991, ndipo anamwalira mu 2010.

Funso limene anayamba nalo lija, la chimene chimayambitsa kubereka, analiyankha kwa nkhosa zokha. Mwa munthu zinthu sizili choncho: homoni yogoneka chiberekero siitsika m'magazi a mayi matenda asanayambe monga imachitira mwa nkhosa, ndipo cortisol wa mwana saliza belu yekha. Asayansi akufufuzabe, ndipo ndi chifukwa chake mpaka lero palibe mankhwala oletseratu kubereka msanga. Koma kusiyana komweku ndi kumene kunapangitsa kuti jakisoniyu atheke. Tikanakhala ngati nkhosa, betamethasone akanakhwimitsa mapapo n'kuyambitsanso matenda nthawi yomweyo, ndipo palibe mzamba akanayerekeza kumubaya mayi wa miyezi 7.